Azakhali Akuyankha: Maola Sapekedwa, Mwana Wanga

Azakhali, sukulu ya ukachenjede ndinamaliza koma ntchito sikupezeka. Ndimapita ndi anzanga kukawerenga mbalame ku nyanja ya Chilwa mongodzipereka. Kumene ndikufunsira ntchito akufuna umboni wa maola amene ndagwira, koma sindinkalemba. Mnzanga akuti ndingopeka. Mayi nawo akuti ndikungotha nsapato. Nditani? Wothedwa nzeru, Zomba.

Mwana wanga, wandiseketsa. Akakowa oyera mbee dambo lonse umawawerenga osaphonya, koma maola ako omwe akukukanika? Dzanja lolembera nkhwazi ndi atsekwe silomwelo lolembera tsiku?

Mnzakoyo undipatse, ndimukoke khutu. Ntchito yowerenga mbalame chuma chake ndi kukhulupirika basi. Chilwa ndi nyanja yosaya, inaumapo mu 1995 ndi 2018, ndipo akatswiri amadziwa ngati mbalame zikubwerera poyerekeza zimene inu ongodziperekanu mwalemba chaka ndi chaka. Kalembera wa mbalame za m'madzi wa dziko lonse lapansi, wochitika Januwale aliyense, anayamba mu 1967, ndipo mpaka lero amadalira maso a anthu ngati iwe. Tsono wopeka maola lero, mawa adzapeka vuwo pamene panalibe vuwo. Abwana akangoimbira foni wokutsogolerani n'kupeza kuti manambala akusiyana, ntchito yapita, dzina laipa, ndipo ku Zomba nkhani sichedwa kufika kumsika.

Pukuta misozi, sizinatayike zonse. Tsegula foni yakoyo. Zithunzi zimasunga tsiku ndi nthawi, mauthenga a pa WhatsApp opangana ulendo aliponso. Ngati munkalemba pa pulogalamu yolembapo mbalame ya eBird, ndiye wapulumuka, chifukwa mndandanda uliwonse umaonetsa nthawi imene munayamba ndi mphindi zimene munakhala. Sonkhanitsa zimenezo, upite kwa amene amakutsogolerani mwaulemu, akulembere kalata ya maola okhawo amene ali ndi umboni. Akachepa, achepe. Munthu amalowa m'chipinda cha mayeso a ntchito mtima uli m'malo ngati palibe chobisa.

Kuyambira ulendo wotsatira, gula kope la m'thumba. Tsiku, malo, nthawi yofika, nthawi yoweruka, ntchito imene wagwira, ndipo mtsogoleri asayine matope asanaume kumapazi. Tsiku limene mwaona mbalame zochepa ulembenso, chifukwa kusowa kwakeko ndi uthenga. Ukayandikirenso a Wildlife and Environmental Society of Malawi, ali m'ntchito yoteteza zachilengedwe kuyambira 1947, akakudziwe nkhope.

Za mayi akozo, usawayankhe mwamwano. Sakudana ndi mbalame, akuwawidwa mtima kuona mwana amene anamulipirira fizi akubwera ndi matope m'malo mwa malipiro. Walira mvula walira matope, koma nsapatozo uzichapa wekha, ndipo sopo wake usamapemphe kwa iwo. Kalata ija ikatuluka, ayambe kuiwerenga ndi iwowo, kenaka Loweruka lotsatira ukawathandize kupalira chimanga.