Anthu asanu a kumwamba: tiyese buku lija ndi Mawu a Mulungu

*PHUNZIRO LA SABATA INO*
Tsegulani Luka 16:19-31



Mwezi uno buku limodzi layenda dzanja ndi dzanja mu mpingo mwathu. Linayambira kwa achinyamata, linapita ku gulu la amai, manje lafika mpaka kwa akulu ampingo. Ndi buku la Chingerezi, The Five People You Meet in Heaven, lolembedwa ndi Mitch Albom wa ku America, ndipo linatuluka mu 2003. Ena simunaliwerenge koma munaonera filimu yake ya mu 2004. Mafunso amene mwanditumizira pa foni achuluka, ndiye tiyeni tiwayankhire pamodzi, Baibulo lili m'manja.

*Nkhani yake mwachidule*

Eddie ndi mdala amene ntchito yake ndi kukonza makina pa malo a masewera otchedwa Ruby Pier. Tsiku limene akukwanitsa zaka 83, amafa poyesa kupulumutsa kamtsikana kuti makina asakagwere. Kumwamba amakumana ndi anthu asanu, mmodzimmodzi, ndipo aliyense amamuululira chimene sankachidziwa. Woyamba anafa chifukwa chopewa kugunda Eddie ndi galimoto, Eddie ali mwana akuthamangira mpira pamsewu. Wachiwiri ndi mkulu wake wa asilikali ku nkhondo ya ku Philippines, amene anamuwombera mwendo kuti asalowe m'nyumba yoyaka moto. Wachitatu ndi mai Ruby, amene amamuphunzitsa kukhululukira atate ake. Wachinayi ndi mkazi wake Marguerite, amene anamwalira kalekale. Wachisanu ndi Tala, kamtsikana kamene kanapsa m'nyumba ija imene Eddie anayatsa ku nkhondo.

*Zimene mwandiuza*

Amai ena amasiye anandiimbira usiku. "Abusa, sininagone. Nalira maningi pamene Eddie anaona mkazi wake. Kodi na ine nizakawaona amuna anga?"

M'bale wina amene amagwira ntchito ya ulonda anati bukuli lamuchotsa manyazi. Zaka zonsezi amadziona ngati wachabechabe, wongotsegula geti, koma waona kuti Eddie, pomanga mabawuti tsiku ndi tsiku, ankasunga miyoyo ya ana ambiri.

Mnyamata wina anandilembera kuti: "Manje ngati aliyense afika kumwamba na kufotokozeredwa zonse, tivutikiranji na kulapa?"

Ndipo mkulu wina wampingo anati bukulo litenthedwe basi, ndi la mizimu.

Onse anayi ndawamva. Pa 1 Atesalonika 5:21, Paulo akutilangiza kuyesa chilichonse ndi kugwiritsa chimene chili chabwino. Tiyeni tichite chomwecho.

*1. Kumbukirani kuti ndi nthano*

Albom sananene kuti anapita kumwamba. Analemba nkhani yopeka, ndipo Eddie anamuumba poganizira wachibale wake wina amene anamenya nawo nkhondo. Nthano si tchimo. Natani anafika pa mtima wa Davide ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa. Vuto limabwera tikatenga nthano n'kuiika pa mpando wa Baibulo.

Ngakhale mabuku amene amati ndi umboni weniweni afunika kuyesedwa. Mu 2010 kunatuluka buku lotchedwa The Boy Who Came Back from Heaven, lonena za mwana Alex Malarkey amene anachita ngozi ya galimoto mu 2004 ali ndi zaka 6, n'kumati anapita kumwamba. Akhristu ambiri anagula. Mu Januwale 2015 Alex yemweyo anaulula poyera kuti sanafe ndipo sanapite kumwamba, ndipo osindikiza, a Tyndale House, anachotsa bukulo pamsika. Ganizirani anthu amene anamanga chikhulupiriro chawo pamenepo.

Ife timakhulupirira maloto ndi masomphenya, Mzimu Woyera akulankhulabe lero. Koma onani Paulo pa 2 Akorinto 12:2-4. Akunena za munthu amene anakwatulidwa kufika kumwamba kwachitatu, ndipo zimene anamva kumeneko sanaloledwe kuzinena. Sanatsegule nazo msika. Anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17:11, ankafufuza m'Malemba tsiku lililonse ngakhale wolalikira anali Paulo yemwe. Voice note iliyonse ya "ndinafa masiku atatu" ikafika pa foni yanu, yambani mwatsegula Baibulo musanaitumize kwa ena.

*2. Zabwino zimene tingatolemo*

M'bale wathu mlonda waona zoona. Palibe ntchito yaing'ono pamaso pa Mulungu. Akolose 3:23 akutiuza kugwira ntchito iliyonse ndi mtima wonse, ngati tikugwirira Ambuye. Pa Mateyu 25:31-46, olungama akudabwa pomva kuti madzi amene anapatsa waludzu ndi chovala chimene anaveka wausiwa, anapatsa Yesu mwini. Amai ogulitsa tomato pamsika, kondakitala wa minibasi, wosesa m'chipatala: kumwamba kukuona.

Bukuli likunenanso zoona kuti miyoyo yathu ndi yolumikizana. Zimene uchita lero zimafika kwa munthu amene sudzamudziwa dzina. Dalaivala woledzera amasiya ana amasiye kumudzi kumene sanafikeko. Mphunzitsi wa Sande sukulu amafesa mbewu imene adzakolola ndi mpingo wina.

*3. Chimene chikusowa*

Apa ndiye mumvetsere bwino, makamaka iwe mwana wanga wandifunsa za kulapa. M'nthanoyi, kumwamba ndi malo ofotokozeredwa tanthauzo la moyo wako. Mtanda wa Yesu suli pakati pa nkhaniyo. Eddie amachotsa cholakwa chake posambitsa zilonda za Tala mumtsinje. Ndi chithunzi chogwira mtima, koma Baibulo likuti chimene chimatsuka tchimo ndi mwazi wa Yesu, onani 1 Yohane 1:7. Pa Yohane 14:6 Yesu akudzitchula yekha njira yofikira kwa Atate. Ahebri 9:27 akuti munthu amafa kamodzi, kenako chiweruzo.

Bwererani ku Luka 16. Wachuma uja atafa anamvetsa zonse. Anakumbukira Lazaro, anakumbukira abale ake asanu. Kumvetsa anamvetsa, koma mochedwa, pakati panali phompho losawolokeka. Anapempha kuti wina achoke kwa akufa akachenjeze abale akewo. Abrahamu anamuyankha kuti ali kale ndi Mose ndi aneneri, ndipo akakana kumvera amenewo, ngakhale wouka kwa akufa sadzawatembenuza. Mwaona? Mtima wofuna kumva za kumwamba kwa munthu wobwerako si wa lero. Yankho silinasinthe: Mawu muli nawo kale.

Ndipo kwa inu akulu ampingo, nkhawa yanu ili ndi maziko. Kwathu kuno tinakulira m'miyambo yolankhula ndi akufa, kuthira nsembe, kufunsa mizimu ya makolo. Deuteronomo 18:10-12 amaletsa zimenezi. Wina akawerenga bukuli n'kuyamba kupempha malangizo kwa malemu, kapena kudikira malemu m'maloto, wapatuka. Koma machesi sitifunikira. Mkhristu wodziwa Mawu amadya nsomba n'kutaya minga.

*Kwa inu amai olira*

Amai, misozi yanu si kusowa chikhulupiriro. Yesu analira pamanda a Lazaro wa ku Betaniya. Chiyembekezo chanu ndi cholimba kuposa cha m'nthano. Pa 1 Atesalonika 4:13-18, Paulo akulonjeza kuti amene anagona mwa Khristu adzauka, ndipo tidzakumana nawo pamodzi ndi Ambuye, osasiyananso. Amuna anu anamwalira akukhulupirira Yesu, tonse tinamva umboni wawo. Mudzawaona. Koma woyamba kumuona si munthu wachisanu kapena wachinayi, ndi Yesu mwini. Wachifwamba uja pamtanda, pa Luka 23:43, analonjezedwa kukhala ndi Yesu tsiku lomwelo. Kumwamba n'kokoma chifukwa Iye aliko.

*Ntchito ya sabata ino*

Chinandikhudza kwambiri ine ndi ichi: Eddie anasenza mkwiyo pa atate ake mpaka zaka 83, ndipo anawakhululukira onse awiri atafa kale. M'nthano zimenezo n'zotheka. Kwa ife, nthawi yokhululuka ndi ino. Pa Mateyu 5:23-24 Yesu akuti ukakumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya chopereka chako pomwepo, ukayanjane naye choyamba. Aefeso 4:26 sakutipatsa ngakhale usiku umodzi wogona ndi mkwiyo. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Eddie anadzuka m'mawa kupita ku ntchito ngati masiku onse.

Ndiye tengani pepala, mulembe anthu anu asanu amene ali moyo. Mmodzi woti mumukhululukire. Mmodzi woti mumupepese. Mmodzi woti mumuthokoze, mwina azakhali amene anakulipirirani sukulu. Mmodzi woti mumuthandize. Mmodzi woti mumuuze za Yesu. Mwina ndi mlamu amene munakangana naye pa katundu wa maliro, ndipo nambala yake mukali nayo mu foni imene mukuwerengerayi. Imbani Sande isanafike.

*Zokambirana ku cell*

Kodi zimene mumakhulupirira za kumwamba munazitenga m'Baibulo, kapena m'mafilimu ndi m'mavoice note? Pa anthu anu asanu, ndani amene akukuvutani kwambiri kumuimbira, ndipo chifukwa chiyani?

*Tipemphere*

Atate wathu wakumwamba, tikuthokozani chifukwa Yesu anagonjetsa imfa. Mzimu Woyera, tipatseni kuzindikira, kuti tisatengeke ndi nkhani iliyonse. Tonthozani amasiye ndi onse olira pakati pathu. Tikuphwanya goli la mkwiyo ndi kusakhululuka m'mabanja mwathu, m'dzina la Yesu. Tipatseni mphamvu yoimba foni ija lero. Ndipo amene sanapereke moyo wake kwa Inu, musamupatse mpumulo kufikira atabwera. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Ngati mukufuna kulandira Yesu, kapena mukufuna wina apemphere nanu musanaimbe foniyo, onanani ndi mtsogoleri wa cell yanu. Ambuye akudalitseni, tionana pa Sande.