Kugula kilatchi ya galimoto yomwe inasinthidwa injini

Galimoto zambiri zomwe zimayenda ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri zinachokera ku Japan zitagwirako kale ntchito. Injini ikatopa, mwiniwake sataya galimoto. Amasakasaka injini ina, amakaniko n'kuimanga. N'chifukwa chake mutha kupeza minibasi ya Toyota Hiace yomwe inabwera ndi injini ya petulo, koma lero ikuyendera 3L kapena 5L ya dizilo. Imayenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe kilatchi yatha. Apa ndiye pomwe ambiri amaluza ndalama, chifukwa amapita kukagula kilatchi potchula dzina la galimoto basi.

Kilatchi imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi. Ntchito yake ndi kulumikiza ziwirizi komanso kuzilekanitsa. Tengani chivundikiro cha poto, muchipane pakati pa zikhatho zanu. Mukapana mwamphamvu n'kutembenuza manja, chivundikirocho chitembenuka nawo. Mukamasula, chitsalira. Chikhatho chimodzi ndi flywheel, chitsulo cholemera chomangidwa kumbuyo kwa injini. Chikhatho china ndi pressure plate, yomwe ili ndi sipuling'i yolimba ndipo imamangidwa ndi mabawuti pa flywheel pomwepo. Chivundikiro chija ndi clutch plate. Pakati pake pali chibowo cha mano, ndipo m'chibowomo mumalowa shafuti ya giyabokosi. Dalaivala akaponda kilatchi, kabering'i kotchedwa release bearing kamakankha sipuling'i ija, clutch plate n'kumasuka. Pamenepo giya imalowa mosavuta. Akachotsa phazi, zonse zimapanananso ndipo mphamvu ya injini imafika kumatayala.

Tsono mvetsetsani apa. Pressure plate imatsata flywheel, ndiye kuti ndi ya mbali ya injini. Mano a clutch plate amatsata shafuti, ndiye kuti ndi a mbali ya giyabokosi. Galimoto ikamachoka kufakitale, mbali ziwirizi zimakhala zogwirizana kale, choncho kutchula dzina ndi chaka cha galimoto kumakwanira. Koma injini ikasinthidwa, giyabokosi n'kutsala yakale, dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto silikuthandizaninso. Muyenera kudziwa injini yomwe ilimo, giyabokosi yomwe ilimo, komanso ngati flywheel inabwera ndi injini yatsopanoyo kapena anabwezeramo yakale.

Njira yabwino ndi kuyeza. Amakaniko akatsitsa giyabokosi, tengani clutch plate yakale, muipukute, muwerenge mano a pakati aja limodzilimodzi. Ikani chizindikiro cha choko pa dzino loyamba kuti musasokonezeke. Galimoto zambiri za Toyota zili ndi mano 21, pomwe zambiri za Nissan zili ndi 24. Koma mano okha sakwanira: Corolla ndi Hiace zitha kufanana chiwerengero cha mano, chikhalirecho shafuti ya Hiace ndi yonenepa. Kenako yezani kukula kwa clutch plate kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Zilipo za mamilimita 200, 212, 225, 240 ndi zina. Yaikulu kwambiri imakhula mkati mwa pressure plate. Yaing'ono imagwira malo ochepa ndipo sichedwa kupsa. Pomaliza, ikani pressure plate yatsopano pa flywheel, muone ngati mabowo a mabawuti ndi timapini tonse zikukumana. Musalole munthu kukuza bowo ndi tupa kuti bawuti ilowe. Chitsulo chimenechi chimazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo chikakhala chopendekeka chimanjenjemeretsa galimoto yonse.

Palinso nkhani ya mphamvu. Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Minibasi yodzaza anthu ikamanyamuka pachitunda ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni, katundu yense amagwera kilatchi. Ngati injini yatsopano ndi yamphamvu kuposa yakale, pressure plate yakale imalephera kupana. Mumamva injini ikulira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, kenako fungo la kupsa limadzaza m'galimoto. Kilatchi yotero ikuterereka, ndipo siikhalitsa.

Zing'onozing'ono nazo musazinyoze. Release bearing iyenera kukwana pa giyabokosi ndi kufika bwino pa zala za sipuling'i. Kumbuyo kwa injini zambiri kulinso kabering'i kena komwe kamagwira nsonga ya shafuti. Injini ikachokera m'galimoto ya otomatiki, kabering'i kameneka nthawi zambiri kamakhala kulibe, ndipo pamafunika kukaika. Ine ndimalangiza kusintha zonsezi nthawi imodzi, chifukwa kutsitsa giyabokosi kawiri ndi kulipira amakaniko kawiri, minibasi ili chiimire osabweretsa kanthu pakhomo.

Popita kumsika wa Ndirande kapena m'mashopu a masipeyala ku Limbe, nyamulani zitsulo zakalezo m'thumba. Musachite manyazi kuti zadetsedwa ndi girisi. Nenani momveka: "Achimwene, galimotoyi inasinthidwa injini. Muli 5L, koma giyabokosi ndi yakale. Tiyeni tiyerekeze ndi iyi." Gonekani yatsopano pamwamba pa yakale. Exedy ndi Aisin ndi makampani odziwika a ku Japan opanga kilatchi, koma dzina la pa katoni lisakulepheretseni kuyeza. Gwirizananinso ndi wogulitsa kuti mudzabweza ikapanda kukwana, ndipo akulembereni lisiti. Mukafika kugalaja, yambani mwalowetsa clutch plate pa shafuti ndi manja musanamange kalikonse. Iyenera kulowa ndi kutuluka mosavuta koma osagwedera.

Zikatheka, lembani m'kope mtundu wa injini, chiwerengero cha mano ndi mamilimita, musunge m'galimoto. Nambala ya injini yatsopano kailembetseninso ku ofesi ya Road Traffic kuti igwirizane ndi bulubuku.