Fulashi Yanga Ikukana Kutseguka pa Ubuntu

Funso: Akatswiri, ndikabaya fulashi pa kompyuta yanga ya Ubuntu sikuoneka, chonsecho pa Windows imatseguka. Ntchito yanga yonse ya kusukulu ili momwemo. Nditani?

Yankho: Chonde musaifomate, mungataye zonse. Ubuntu imalumikiza fulashi ku foda ya mu /media, pansi pa dzina lanu. Tsegulani Terminal, lembani lsblk. Mukaona sdb1 yopanda foda pambali pake, ndiye kuti kompyuta yaiona koma sinailumikize. Lembani udisksctl mount -b /dev/sdb1.

Ikakana n'kutchula NTFS, kawirikawiri munaizula pa Windows musanadine Eject. Ibwezereni kumeneko, lembani chkdsk E: /f, m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanuyo, kenako muitulutse mwadongosolo.

Ngati lsblk sikuionetsa n'komwe, yesani kubaya kumbuyo kwa kompyuta.