Kodi Lithium wa M'mabatire Angaphe Achule?

Funso: Akatswiri, kwathu anthu amataya mabatire a mafoni m'dambo. Kodi achule a mmenemo sangafe nawo?

Yankho: Nkhawa yanuyi ndi yomveka. Batire likang'ambika, lithium amasungunuka m'madzi, ndipo chule alibe pothawira. Khungu lake ndi lopyapyala, limamwa madzi, mazira ake alibenso chikamba chowateteza.

Choopsa kwambiri chimachitikira m'dzira. Asayansi akhala akuika mazira a chule wa ku Africa wotchedwa Xenopus laevis mu lithium chloride. Mankhwalawa amatsekereza puloteni ya GSK-3 imene imathandiza kulinganiza pamene padzakhale mutu, msana ndi mchira. Kambululu kamatuluka ndi chimutu chachikulu, thupi lofupika, mchira palibe. Kotereka sikangasambire kapena kudya, kamangofa.

Komabe m'labotale amaika lithium wambiri kuposa wopezeka m'madambo ambiri. Pofunika kuyang'anitsitsa ndi pafupi ndi migodi ya lithium, monga ya ku Chile, ku Argentina ndi ya Bikita ku Zimbabwe, komanso kudzala. Mabatire akufawo musawaponye m'madzi kapena kuwatentha. Asungeni pouma mpaka mutapeza owatolera.