Kodi Tizilombo Tabwino Tingameretse Tsitsi pa Dazi?

Dazi limayamba bwanji?

Dazi loyambira pamphumi ndi paliwombo n'lakumtundu. M'thupi muli homoni yotchedwa DHT imene imafooketsa mizu ya tsitsi mwa anthu amene anayamwira vutoli kwa makolo. Tsitsi limayamba kuonda ndi kufupika, mapeto ake osameranso. Chipewa cha msodzi, dzuwa la m'minda ya mpunga kuno ku Lifuwu, kapena kusenza dengu la usipa, zonsezi n'zongonamiziridwa.

Nanga ma probiotic opaka n'chiyani?

Ndi tizilombo tamoyo tosavulaza, monga Lactobacillus amene amasasitsa chambiko ndi yogati, toikidwa m'mafuta kapena m'shampu. Pakhungu la m'mutu pamakhala kale tizilombo tambirimbiri. Ofufuza ena akuganiza kuti tikasokonekera, khungu limatupa ndipo mizu ya tsitsi imavutika, choncho kuwonjezerapo tabwino kungathandize.

Ndiye amagwira ntchito?

Palibe umboni wokwanira. Kafukufuku amene alipo ndi wochepa, wambiri anachitidwa pa mbewa kapena pa anthu owerengeka. Komanso gwero la dazi ndi DHT, ndipo palibe amene watsimikiza kuti tizilomboti timaithetsa mphamvu. Mwina tingachepetse kuyabwa, koma kumeretsa tsitsi ndi nkhani ina. Wogulitsa akakuonetsani zithunzi pa Facebook, mufunseni ngati mankhwala akewo ndi ovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA. Musagulitsire thumba la mpunga wa Kilombero kabotolo kopanda umboni.

Ndingopaka chambiko kumutu?

Ayi, imwani. Kumutu mungoitana ntchentche.

Mankhwala odalirika alipo?

Alipo awiri odziwika bwino. Minoxidil, wopaka, anavomerezedwa ku America mu 1988, ndipo finasteride, wakumwa wa amuna, mu 1997. Zotsatira zimaoneka pakapita miyezi ingapo, ndipo mukasiya, tsitsi limathothokanso. Finasteride amachepetsa chilakolako cha m'banja kwa amuna ena, ndipo mayi woyembekezera asagwire piritsi lake lophwanyika.

Ndipite liti kuchipatala?

Tsitsi likachoka m'zigamba zozungulira, pali mamba kapena mafinya, makamaka kwa mwana, chingakhale chipere, ndipo chimachira ndi mankhwala akumwa. Amayi, tsitsi likamatha m'mbali chifukwa choluka mokoka kwambiri, masulani msanga mizu isanafe. Yambirani pachipatala cha Lifuwu. Zikavuta adzakutumizani ku Salima.