Poto wa Pulesha: Nyemba Zipse Msanga, Galu Wodwala M'mimba Adye Zomuyenera

Uthenga kwa mabanja a ku Nkolokosa, Chitawira, Manja ndi Zingwangwa

Aliyense wophika pakhomo akudziwa kuti tsiku la nyemba ndi tsiku lotha makala. Poto amatereka m'mawa ana asanapite kusukulu, n'kumangowonjezera madzi ndi makala mpaka masana. Mang'ina ndiye osanena. Makala omwewo amabwera panjinga kuchokera kutali monga ku Neno ndi ku Mwanza, chifukwa mitengo yapafupi idatha kalekale. Phiri la Soche tikuliona tokha mmene lidayerera, ndipo anthu a ku Manja ndi ku Chilobwe sadzaiwala matope ndi miyala zomwe zidatsika m'phirimo nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Kapepala kano kakufotokoza za chiwiya chimodzi chomwe chimafupikitsa nthawi ya poto pamoto. M'masitolo a ziwiya ku Limbe ndi m'tauni mukafunse pressure cooker. Muno tikumutcha poto wa pulesha. Tifotokozanso mmene poto yemweyu angakuthandizireni kuphikira galu kapena mphaka yemwe m'mimba mwake simuchedwa kusokonekera.

Chimachitika n'chiyani m'kati mwake

Madzi a mu poto wamba akawira, kutentha kwake kumathera pomwepo. Kaya musonkhezere moto chotani, madziwo amangosanduka nthunzi n'kuthawa. Kuno ku Blantyre tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, choncho madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, osafika pa 100 ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere. N'chimodzi mwa zifukwa zomwe nyemba zathu zimachedwera kupsa.

Poto wa pulesha amatsekera nthunziyo m'kati. Ikasowa potulukira imapanikiza madzi, ndipo madziwo amatentha kupitirira madigiri 110. Pa kutentha koteroko nyemba ndi mitsempha ya nyama zimafewa mofulumira kwambiri. Luso limeneli si ladzulo. Katswiri wa ku France, Denis Papin, adapanga poto woyamba wotere mu 1679 ali ku London, ndipo cholinga chake chidali kufewetsa mafupa. Ndi iye yemwenso adatulukira kachitseko kotulutsira nthunzi ikachuluka, komwe lero kali pa poto aliyense wa mtunduwu.

Pogula

Mapotowa alipo a mitundu iwiri. Wina ndi wotereka pa mbaula, pa gasi kapena pa hotipuleti. Ambiri otere amapangidwa ku India, monga a Hawkins ndi Prestige. Wina ndi wamagetsi, wokhala ndi kapoto kam'kati kochotseka ndi mabatani kapena kotembenuza kotchera nthawi. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limakwanira ndi poto wa malita 6.

Musanapereke ndalama, tsegulani bokosi pamaso pa wogulitsa muone zinthu zitatu. Choyamba ndi labala wozungulira m'mphepete mwa chivundikiro, akhale wofewa, wosang'ambika. Chachiwiri ndi kachitsulo kolemera kokhala pa kabowo ka pakati pa chivundikiro, komwe kamalira nthunzi ikakwana. Chachitatu ndi kachitseko kachitetezo, kamene kamatseguka kokha kabowo kaja kakatsekeka. Funsani ngati sitoloyo imagulitsanso labala payekha. Tikulimbikira pamenepa chifukwa mapoto ambiri abwinobwino amangokhala pansi pa kabati kaamba ka labala yemwe adatha osapezeka wina. Poto wa kaunjika wopindika m'mphepete, kapena woti kachitseko kake wina adatseka ndi msomali, musiyeni ngakhale atatchipa motani.

Wamagetsi wa malita 6 amakoka mawati pafupifupi 1,000, koma sakoka nthawi yonse. Nthunzi ikakwana amazima yekha n'kumangoyaka mwa apo ndi apo, motero nyemba zimapsa yuniti imodzi ya ESCOM isanathe. Ngati adachokera ku South Africa ndipo pulagi yake ndi yamano obulungira, gulani adaputa yolimba kapena musinthitse pulagiyo. Osalowetsa mawaya opanda pulagi mu soketi. Magetsi akathima poto atayamba kale kugwira nthunzi, musamutsegule. Chakudya chimapitiriza kupsa ndi kutentha komwe kwatsekeredwa m'katimo.

Kaphikidwe

Sankhani nyemba, muzitsuke, muziviike usiku wonse ndipo madzi oviikirawo mutaye. Thirani madzi atsopano opitirira nyembazo ndi zala ziwiri. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi mpunga zisapitirire theka la poto, chifukwa zimafufuma ndi kuchita thovu, ndipo thovu ndi lomwe limatseka kabowo ka nthunzi. Supuni imodzi ya mafuta ophikira imachepetsa thovulo. Nyama ingafike magawo awiri mwa atatu a poto. Madzi asachepere kapu imodzi yaikulu pa chilichonse chomwe mukuphika.

Musanatseke, lozetsani chivundikiro kumene kuli kuwala muone ngati kabowo kakuonekera. Chitani zimenezi tsiku lililonse, musamazitenge ngati za tsiku loyamba lokha.

Terekani pamoto wamphamvu. Kachitsulo kakayamba kulira, chepetsani moto, ndipo nthawi muyambe kuwerengera pamenepo. Pa mbaula phulani makala ena kapena tsekani kakhomo kolowera mphepo, komanso onetsetsani kuti malawi sakunyambita zogwirira, poti zambiri ndi zapulasitiki. Nyemba zoviika zimafuna mphindi 15 mpaka 20, zosaviika pafupifupi 40, ndipo zomwe zagonera chaka zimafuna kuwonjezera. Nkhuku yachikuda mphindi 25 mpaka 30, nyama yang'ombe pafupifupi 30, mang'ina mphindi 45 mpaka ola. Mbatata ndi maungu zimapsa m'mphindi zosafika 10. Yambirani pamenepo, mudzazolowera poto wanu ndi moto wanu.

Nthawi ikakwana, phulani poto mumuike pambali kwa mphindi 10 kapena 15. Kenako nyamulani pang'ono kachitsulo kaja ndi foloko. Ngati pakutulukabe nthunzi, dikirani. Chivundikiro chikamakana kutseguka, m'kati mukadali mphamvu, ndipo wokakamiza ndiye amapsa nkhope ndi manja. Ngati muli pachangu, poto wapamoto mungamuthire madzi ozizira pa chivundikiro, koma wamagetsi ayi. Potsegula, pendeketsani chivundikiro nthunzi ipite kutali ndi inu. Mtsikana wantchito kapena mwana wamkulu yemwe amaphika inu mukachoka, muphike naye limodzi kangapo musanamusiyire.

Nsima ndi phala musaphikire mu poto wotseka. Nsima imafuna mthiko, ndipo phala limatseka kabowo. Masamba monga mpiru ndi chisoso amangosanduka phala, aphikeni monga mwa masiku onse. Kukazinga anyezi ndi matimati kuchitike poto ali wotsegula.

Gawo la galu

Pamakomo ambiri muno galu amadya zotsala: mkute, msuzi wa dzulo, mafupa, nsima ya madeya yosakaniza bonya. Agalu ena amakula bwino ndi zimenezi. Ena sachedwa kutsegula m'mimba, kusanza, kulira m'mimba ndi kuwonda, makamaka ana agalu, agalu okalamba ndi amitundu yakunja omwe anthu akugula masiku ano olondera pakhomo. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala mafuta ochuluka, mchere, tsabola, chakudya chosasa kapena kusintha chakudya mwadzidzidzi.

Anyezi ndi adyo ndiye oopsa kwambiri. Zimawononga magazi a galu ndi mphaka, kaya zaziwisi kaya zophika, ndipo msuzi wathu pafupifupi wonse uli ndi anyezi. Apa ndi pamene poto wa pulesha amathandizira. Popeza nyama mumayamba mwaiwiritsa ndi madzi okha, patulani gawo la galu mukangotsegula poto, musanathire mchere komanso musanakazinge. Moto ndi womwewo, nthawi ndi yomweyo, koma mwaphikira banja ndi chiweto chomwe.

Galu akatsegula m'mimba koma akusewera ndi kumwa madzi bwinobwino, mukonzereni chakudya chofewa chotere. Tengani nkhuku, muchotse khungu ndi mafuta, muiwiritse mu poto ndi madzi okha. Chotsani mafupa onse, nyamayo muinyotsole tizidutswa. Msuzi uzizire, mafuta oyandama muwayengule n'kutaya. Mu msuzi womwewo phikani mpunga woyera ndi madzi ochulukirapo kuti ufewe kwambiri, mphindi 8 zikwanira. Mpunga wosweka wotchipa uja ndi wabwino, palibe chifukwa chogulira wa Kilombero. Sakanizani gawo limodzi la nyama ndi magawo awiri kapena atatu a mpunga, muikemo supuni imodzi kapena ziwiri za dzungu lophika ngati lilipo. Chizizire kaye. Mpatseni pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi patsiku, kwa masiku awiri kapena atatu. Chimbudzi chikayamba kulimba, yambani kusakaniza ndi chakudya chake chakale, kuwonjezera pang'ono tsiku ndi tsiku mpaka sabata itatha. Madzi oyera asachoke pambali pake.

Chakudya chimenechi ndi cha masiku odwala okha. Chilibe zonse zomanga mafupa ndi thupi, ndipo mwana wagalu wokulira pa mpunga ndi nkhuku zokha amapunduka miyendo. Ngati galu wanu amadwaladwala m'mimba, kambiranani ndi dokotala wa ziweto za chakudya cha masiku onse.

Mafupa ophika musampatse, ngakhale atatuluka mu poto wa pulesha akuoneka ofewa. Kunja amafewa koma m'kati amatha kutsala olimba, ndipo akasweka amasongoka n'kubaya matumbo kapena kutsekereza chimbudzi. A nkhuku ndiwo oipitsitsa. Msuzi wa mafupa wosefa ndi woyengula mafuta ndi wabwino kunyowetsera chakudya chake. Bonya ndi usipa muzitsuke kuchotsa mchenga ndi mchere musanaphike.

Chuku sapsa

Mu Ogasiti 2024 unduna wa zaumoyo ku Zambia udalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin. Chaka chomwecho madokotala a ziweto muno mu Blantyre adachenjezanso za agalu ambiri omwe adafa atadya nsima ya madeya owonongeka. Poizoniyu amachokera ku nkhungu yomera pa chimanga ndi mtedza zosauma bwino, ndipo amawononga chiwindi. Galu amasiya kudya, amafooka, amasanza, maso ndi usinini zimachita chikasu, mwina n'kumachita chimbudzi cha magazi.

Musaganize kuti poto wa pulesha, poti amatentha kwambiri, angachotse poizoniyu. Kutentha kwa m'khitchini sikumuthetsa. Madeya onunkha chinyontho, ochita zibuma, kapena osintha mtundu kukhala obiriwira kapena akuda, atayeni. Musapatse galu, nkhuku kapena nkhumba. Gulani madeya ochepa ochokera kuchigayo kumene, muwayanike padzuwa mpaka aume gwa, muwasunge pamwamba posafika chinyontho. Ndipo chimanga chomwe chadwalitsa galu chisalowe mu poto wa banja, chifukwa chiwindi cha mwana wanu chimavulala ndi poizoni yemweyo.

Mphaka

Mphaka ndi wodya nyama, sangakhalire mpunga kapena nsima. Akadwala m'mimba mpatseni nkhuku kapena nsomba yowiritsa yopanda minga, yopanda mchere, ndi kampunga kochepa chabe kapena osaika n'komwe. Mkaka wang'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu, choncho yambani mwausiya muone ngati vuto likutha. Mphaka yemwe watha tsiku lathunthu osadya apite kwa dokotala.

Nthawi yosiya poto n'kuthamangira kwa dokotala

Musadikire ngati m'chimbudzi kapena m'masanzi muli magazi, ngati chiweto chikusanza ngakhale madzi, chagona osadzuka, mimba yatupa, maso achita chikasu, kapena kutsegula m'mimba kwapitirira masiku awiri. Mwana wagalu wotsegula m'mimba zonunkha kwambiri ndi kusanza akhoza kukhala ndi matenda a parvo, omwe amapha m'masiku ochepa ndipo ali ndi katemera. Ameneyo apite tsiku lomwelo. Thandizo limapezeka kwa alangizi a ziweto a boma, ku bungwe losamalira ziweto la BSPCA ndi kuzipatala za ziweto zomwe si zaboma. Mukafika kumeneko funsaninso za mankhwala a njoka zam'mimba, omwe galu wamkulu amafunika kumwa miyezi itatu iliyonse, ndi katemera wa chiwewe, yemwe bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu a mumzinda uno mu 2015. Mankhwala a anthu musapatse ziweto mwa inu nokha. Panado amapha mphaka, ndipo Brufen amawononga chifu ndi impso za galu.

Kusamala poto

Mukatha kuphika chotsani labala, mumutsuke payekha ndi sopo, aume asanabwerere pamalo pake. Kabowo ka nthunzi katsukeni ndi kawaya kapena kamtengo kakang'ono. Posunga, ikani chivundikiro chagada pamwamba pa poto, osatseka, kuti labala asaphwanyike ndi kununkha. Mukaona nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chivundikiro, kapena labala wauma ndi kuchita ming'alu, gulani wina wa saizi yomweyo, ndipo popita kusitolo mutenge wakaleyo kuti mukayerekeze. Poto wamagetsi mutsuke kapoto kam'kati ndi chivundikiro. Thunthu lake lokhala ndi mawaya mungolipukuta ndi kansalu konyowa, mutazula pulagi.