Phunziro la Mwezi Uno: Za Kumva Munthu Wofulumira

Phunziro ili likhudza ife tonse amene anthu amadza kwa ife ndi zosowa zao: aphunzitsi a m'midzi, makalaliki, ogulitsa m'sitolo, ogula mtedza ndi fodya, ndi iwo amene athandiza odwala pa chipatala. Anthu amene tiwatumikira alibe nthawi yambiri. Mvula ikayamba, mai amene waima pa khomo panu wasiya khasu ku munda, ndipo mtima wache uli pa udzu umene ulinkumera m'chimanga. Munthu wotere adzalankhula mwachidule, kapena adzayambira nkhani pakati. Nanga tidzamumva bwanji, ndipo tidzamyankha bwanji kuti asabwerere kwao ndi mau opotoka?

Tiyambe takumbukira za malo athu ano. Kardinala Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha Abambo Oyera ku Algiers m'chaka cha 1868, analamula ana ache kuti aphunzire chinenero cha anthu ndi kuchilankhula okha. Abambo aja anafika pa Kachebere m'1903, zitangopita zaka 5 chichitikire nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi Angerezi. Sakanatha kulalika kanthu asanayambe akhala pansi ndi kutchera khutu ku mau a Achewa ndi Angoni. Seminale yaikuru inadza pambuyo, m'1939. Makutu ndiwo anatsogola, mabuku nalondola.

Werengani Marko mutu 10, nkhani ya Bartimeo. Ambuye Yesu anali pa ulendo, alinkuturuka m'Yeriko ndi khamu lalikuru, ndipo mtanda unali kuwadikira ku Yerusalemu. Palibe wa ife amene anatanganidwapo chotero. Koma anaima. Atamuitana wakhungu uja, sanamchize msanga iai, anayamba amfunsa chimene afuna. Ife tikadati, "Kodi si wakhungu? Tadziwa kale." Apa ndi pamene ambiri tiphonya. Mkristu akafika kwa mphunzitsi ndi kadi m'manja, mphunzitsi aganiza kuti ndi za mtulo, nayamba kutsegula buku, pamene munthuyo wadzera mwana wodwala amene afuna ubatizo usiku womwewo. Kufunsa kutenga kanthawi kochepa. Kukonza zimene tamva molakwa kutenga ulendo wina wa pansi, ndipo nthawi zina sizikonzekanso.

Makolo athu anali nayo nzeru imeneyi pa bwalo la milandu. Wodandaula akatha kunena, nduna inkabwereza mau ache onse pamaso pa mfumu ndi anthu, ndipo mwini mlandu ankavomera kuti ndi momwemo, kapena ankaongola pamene papotoka. Mfumu sinali yogontha iai. Anadziwa kuti mau amasintha pakati pa pakamwa ndi khutu. Chitani chomwecho pa nchito panu. Munthu akatha kulankhula, nenani, "Bambo, ngati ndamva bwino, mufuna matumba awiri a fetereza, ndipo mudzalipira mutagulitsa mtedza. Kodi ndi tero?" Musachite manyazi ngati ayankha kuti iai, pakuti "iai" ameneyo wakupulumutsani nonse awiri.

Ena amati, "Iyeyo ndiye wafulumira, ine ndingomtsata." Koma ine ndiona kuti wofulumira ndiye afunika kumumva modekha koposa, chifukwa sadzanenanso kachiwiri. Ikani cholembera pansi. Lamya ya m'manja ikalira, ilekeni ilire. Mumpenye munthuyo, ndipo musamdule mau, ngakhale muyesa kuti mwadziwa kumene alinkupita. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo kawirikawiri chimene chamtuma munthu chituruka kotsiriza, ali pafupi kutsazika.

Tsono za kuyankha. Chachikuru chikhale patsogolo. Ngati chinthu palibe, nenani poyamba kuti palibe, zifukwa zibwere pambuyo. Mwambo wathu wozungulira nkhani ndi wabwino pa maliro ndi pa chinkhoswe, koma kwa munthu amene njinga yache yatsamira pa mtengo ndi katundu, kuzungulira ndi kumbera dzuwa. Malonje asatayike ai. Moni ndi kufunsa za ku nyumba ndiwo atsegula mtima. Koma malonje atatha, lunjikani.

Ife a m'malire tili ndi msampha wathu. Ndarama ya Zambia ichedwa kwacha kuyambira 1968, ndipo ya Malawi ichedwanso kwacha kuyambira 1971. Dzina limodzi, mphamvu zosiyana kutali. Wina wa ku Chipata ndi wina wa ku Mchinji angathe kupangana mtengo wa mbuzi, nagwirana chanza, yense alinkuwerenga kwacha ya kwao. Tsiku lolipira likafika, abale asanduka adani, ndipo palibe ananama. Chomwechonso ndi miyeso: "thumba" si mau okwanira, nenani ngati ndi la makilo 50, ndipo ngati mtedzawo ndi wosenda kapena wa makoko. Musati "mudzabwere mkati mwa sabata". Tchulani Lachitatu, m'mawa Misa itatha.

Inu a pa chipatala, nkhani iyi ikulemerani koposa ena. Mai wa mwana wotentha thupi amavomera "inde" pa mau ali onse, chifukwa cha ulemu ndi mantha, pamene mtima wache suli pomwepo. Musafunse kuti, "Mwamva?" pakuti adzati wamva. Mpempheni mofatsa kuti anene yekha m'mene akamwetsere mankhwalawo, kangati pa tsiku ndi masiku angati. Akaphonya, musamkalipire, bwerezani ndi mau ena, muwerenge mibuluyo pamodzi naye pa dzanja.

Aphunzitsi awerenge phunziro ili kwa akristu Lamulungu lachiwiri la mwezi, mapemphero atatha. Pambuyo pache aitane anthu awiri, wina atume mnzache uthenga wa mtengo, tsiku ndi malo, ndipo wotumidwayo aubwereze pamaso pa onse asanachoke pamene waima.